Mphiri Imene Inandipatsa Pathupi

Ine njoka ndimaiopa, ndipo musandiuze zoti nayonso imandiopa ine. Ndinabadwa choncho. Kwathu ku Dedza ndikangoona chingwe cha mbuzi chitagona m'udzu ndinkalumpha ngati ndaponda khala la moto, anthu n'kumaseka mpaka kugwira nthiti. Tsono taganizani, wamantha ngati ineyo ndi amene amayi a ku nkhalango ya Viphya anamuika patsogolo pa mzere m'nyengo ya bowa, kuti njoka zizionana naye poyamba.

Amuna anga ndinakumana nawo kwathu komweko, akucheka matabwa m'nkhalango ya paini ya kuphiri. Anali Mngoni wa ku Mzimba, mudzi wawo uli kuseri kwa Jenda, munthu wosalankhulalankhula, wa manja akuluakulu onunkha utomoni. Pondikwatira anatsata za kwawo, analowola. Amalume anga anadabwa nazo, pakuti kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzakhala pachikamwini, koma ng'ombezo sanazibweze ayi, anazilandira ndi manja awiri. Amayi anga ndiwo anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza kuti, "Mwanawe, ng'ombe zimenezi si za nkhope yakoyi. Anthuwa akufuna ana." Ine ndinangoseka. Ana n'chiyani? Amayi anabereka mpaka kutopa, azakhali chimodzimodzi, ine ndikanalephera bwanji?

Ntchito itawasamutsira ku Viphya tinakakhala m'nyumba zamatabwa zondandana, pakati pa anthu a mitundu yonse, a ku Mulanje, a ku Ntcheu, a ku Karonga, ndi eni dera olankhula Chitumbuka. Kuzizira kwake kosasimbika. Nkhungu inkatsika m'mapainimo n'kubisa ngakhale chimbudzi cha pakhomo pako. Ndinazolowera zonsezo, ndinaphunzira kunena yewo ndi monire, zikomo ndi moni wa kumeneko, koma chaka chinatha, china chinatha, china chinathanso, kumsana kwanga kuli zii. Mizu ndinamwa yowawa mpaka lilime kuchita dzanzi. Kuchipatala cha ku Boma ndinapita, anandiuza kuti sakuona vuto, ndizingodikira. Kudikira n'kosavuta kunena ukakhala kuti sunalowoledwe.

Apongozi anga aakazi anabwera chilimwe cha chaka chachinayi. Anali mayi wamfupi, wouma thupi, wosakweza mawu. Anakhala pamphasa, ine nditagwada poteropo, amuna anga ali pampando. Analankhula Chichewa chawo chosakaniza kuti ndimve bwino.

"Mkamwana," anatero, pakuti ndi mmene amaitanira mkazi wa mwana wawo kumeneko, "ise tilibe nawe mlandu. Kuphika ukuphika, ulemu uli nawo chomene. Tidikira mvula ikubwerayi. Ikatha mvula palibe kanthu, mbwenu tikupezera munthu wokuthandiza."

Wondithandiza! Ine ndinapempha thandizo kwa ndani? Madzi ndinkatunga ndekha, nkhuni ndinkatola ndekha, nyumba yake ya zipinda ziwiri. Ndinayang'ana amuna anga kuti mwina anena kanthu, iwo ali ndwii kuyang'ana majombo awo ngati ayamba kuwaona tsiku limenelo. Apongozi atapita amuna anga anandiuza kuti iwo mitala saifuna, koma bambo awo akanena, anena. Ndinawayankha kuti kwathu mkazi sagawana mwamuna ngati ndiwo za pamaliro. Anangopukusa mutu n'kutuluka.

Mvula inagwa, ndipo ine dontho lililonse padenga lamalata ndinkalimva ngati akundiwerengera nthawi.

Nyengo ya mvula kumeneko ndi nyengo ya bowa. M'mapaini bowa wabwino mulibe, pansi pake ndi poterera ndi masamba onga singano basi. Wokoma uja, utale, manyame, ndelema, amamera kutsidya, m'tchire lachilengedwe la masuku ndi mombo. Kuti ukafikeko unkayenda m'njira yotchinga moto imene amuna ankalambula pakati pa mapaini, kenako n'kutsetsereka m'chigwa cha mitengo yowirira kumene dzuwa silifika pansi, n'kuoloka mtsinje pa chipika, n'kukweranso. Wekha sukanayerekeza. Tinkapita gulu, titandandana m'kanjira kamodzi, madengu kumutu. Wotitsogolera anali mkazi wa kapitawo wa ocheka matabwa, mayi wa ku Euthini, wamtali, wa mawu ngati a mwamuna, amene tonse tinkangoti amama. Ankadziwa pamene nguluwe zafukula usiku, ndipo tsiku lina anationetsa mapazi a kambuku m'matope a pamtsinje, n'kuseka poona ine ndikufuna kubwerera.

Tsiku la mphiri ndinapezeka patsogolo mwangozi. Amama aja anaima kuti amange bwino chitenje, ine n'kuwapitirira, maganizo ali kutali. Tinali titangotuluka m'chigwa, pamene dzuwa limayamba kuomba m'njira. Ndikuti ndiponye phazi, ndinaona masamba ouma ali ndi maso. Mayo ine! Mphiri, yonenepa ngati munsi, itapingasa njira, mutu wake waphwatalala uli chakuno. Pakati pa chala changa chachikulu ndi iyo sipakanakwana ndi chikhatho chomwe. Phazi linatsala m'malere. Ndinangoti chiriri, dengu lili pamutu.

Njokayo sinasunthe. Amene anali kumbuyo kwanga anasuzumira, n'kuitana anzake monong'ona. Amama aja anafika, anayang'ana njoka, anayang'ana ine. Anatola kachibuma n'kuponya pafupi ndi mchira wake. Phee. Anaponyanso kena. Phee, kungotulutsa lilime basi. Ndinangomva nthungululu ya amama aja kukhutu kwanga.

"Wali na nthumbo uyu! Mwe amayi, ali ndi pakati mwanayu! Taonani njoka yafooka!"

Zimenezo ndinali nditazimvapo kwathu, kuti njoka ikakumana ndi mayi woyembekezera imatha mphamvu, imagona, siingalume. Sindinaziganizirepo kuti zingandikhudze ine. Koma mwezi umenewo ndinali nditachedwa masiku pang'ono, ndipo ndinkaopa ngakhale kudziuza ndekha. Amayi aja anandikokera m'mbuyo, wina akundigwira pamimba, wina akuvina ndi dengu kumutu. Njokayo sanaiphe. Anati yogonjera mayi wapakati saipha, mwana angabadwe wolobodoka. Tinailambalala m'tchire, iyo ili gone pomwepo.

Ana a masiku ano amene anapita kusukulu amandiuza kuti mphiri ndi yaulesi chibadwire, imagonera aliyense, kaya wapolisi kaya m'busa, mpaka utaiponda. Ine ndimati zikomo, koma munali kuti nthawi imeneyo? Ndinakhulupirira ndi mtima wonse. Ndinalira m'njira monse, bowa osamuona bwino chifukwa cha misozi.

Mimba yoyamba kwathu sailengeza, amadikira aakulu adzakulangize kaye. Koma imene yaululidwa ndi njoka pamaso pa amayi khumi ungaibise pati? Nkhani inafika kunyumba ine ndisanatule dengu. Amuna anga pobwera kuntchito anaima pakhomo n'kumangondiyang'ana, mano onse pamtunda, munthu amene kuseka kwake kunali kosowa. Anangoti, "Usanyamulenso ndowa yaikulu ija."

Kutha kwa mwezi tinakwera lole ya matabwa kupita ku Boma kukagula sopo ndi mchere. Masiku amenewo pachipata cha msika pankaima anyamata a chipani, malaya awo ofiira, osalowa munthu wopanda khadi. Anali ndi chizolowezi choti akaona mayi wa mimba yooneka, amati agulirenso amene ali m'katiyo. Ine mimba yanga inali yafulati ngati thabwa, palibe akanandifunsa. Koma amuna anga, titaonetsa makhadi athu, anapisa m'thumba okha n'kunena kuti, "Tipatseni lina, tilipo atatu." Anyamata aja anaseka, wina n'kuwagwira chanza. Anthu ankagula makhadi amenewo akutukwana chamumtima, koma amuna anga analigula akunyadira, n'kuliika m'thumba la pachifuwa.

Uthenga unapita ku Jenda ndi dalaivala wa lole. Posakhalitsa apongozi anatulukira, nkhuku kukhwapa, ufa wa mawere kumutu. Anandigwira manja onse awiri n'kunena kuti, "Yewo, mkamwana, yewo chomene." Za wondithandiza uja sanazitchulenso. Anati akhala nafe kufikira mimba itakhazikika.

Tsono apa ndi pamene panabwera chimene sindinachiganizire. Amayi a kumeneko anali ndi kachitidwe kawo: pagulu pakakhala woyembekezera, iyeyo ndiye amatsogola popita ku bowa, kuti njoka zonse za m'njira zifooke, ena adutse bwino. Amene ankatsogola chaka chimenecho mimba inali itamukulira, anasiya kuyenda, n'chifukwa chake amama aja anabwerera kutsogolo. Ulendo wotsatira tisananyamuke anandigwira paphewa.

"Tiye, dangira ndiwe. Tsogola."

"Amama, ine njira sindiidziwa bwino."

"Njira ndikuuza ndili kumbuyo. Iwe ntchito yako n'kugoneka njoka."

Onse anaseka, inenso ndinaseka.

Kutsogolo si malo abwino, ndikuuzeni. Mame onse a m'udzu amathera pa iwe. Ukonde wa akangaude umakumata kumaso. Udzu umaphimba mapazi ako, sukuona pamene ukuponda, ndipo ife akazi mathalauza anali oletsedwa, miyendo inali pamtunda, kuphazi tinsapato tapulasitiki kapena osavala n'komwe. Chilichonse chochita tswa m'masamba chimayamba kukupeza iwe. Tsiku lina ndinakumanizana ndi anyani atakhala m'njira yotchinga moto, chachimuna chili pakati, chikuyasamula kundionetsa mano aatali ngati zala zanga. Ndinafunsa ngati nawonso amafooka ndi mimba, amama aja anati ayi, amenewo ndi miyala basi. Tsiku linanso ndinaponda mzere wa linthumbu, ndinavina gule wosamudziwa, chitenje n'kuchitaya uko.

Chimene chinkandiopsa koposa chinali phokoso la kumbuyo kwanga. Kale tonse tinkayenda maso ali pansi. Tsopano amayi aja ankayenda ngati ali pamsewu wa ku Boma, miseche, nyimbo, kuseka, wina kumaluka tsitsi la mnzake akuyenda. Mnansi wanga, mtsikana wa ku Ntcheu wokonda nthabwala, amene khomo lake linayang'anizana ndi langa, ankayenda kumbuyo kwanga kwenikweni, wopanda nsapato, khanda lake lili kumsana. Ankati, "Ine ndimamatira kwa inu, asisi, pano ndiye pachitetezo." Gulu lonse woyang'ana pansi ndinali ine ndekha.

Komanso ndisakubisireni, njokazo ndinkazifuna. Ndinkaziopa ndithu, koma tsiku likatha osakumana nayo ndinkabwerera ndi nkhawa. Thupi langa silinkandiuza kanthu. Nseru ndinalibe, dothi sindinkalilakalaka, mabere anali momwemo. Mboni yanga inali njoka basi. Tsiku limene tinaona nalikukuti, kanjoka kaja konga kamtengo kouma, katati njo panthambi yolingana ndi nkhope yanga osagwedezeka, amayi aja anaombera m'manja kuti onani kafookanso, ine usiku wake ndinagona tulo tabwino. Kuchipatala sindinapite. Ndinkati n'kutali, ndinkati akangondiuza kuti ndibwerenso mwezi wamawa. Zoona zake n'zakuti yankho la namwino ndinkaliopa kuposa la njoka.

Linali Loweruka m'mawa pamene ndinadzuka ndi kupweteka kwa m'chiuno kumene ndinkakudziwa bwino. Ndinadziuza kuti ndi nyemba za dzulo. Ndinapita kubafa ndi ndowa yanga, ndinavula, ndinaona. Ndinakhala pamwala wosambirapo, madzi akuzizira m'ndowa, nkhungu ikulowa pamwamba pa mpanda. Kaya inalipo n'kuchoka, kaya kunalibe chiyambire, sindidziwa mpaka lero. Kulira sindinalire, panalibe nthawi yake. Mutu unkangozungulira pa chinthu chimodzi, kuti apongozi ali m'nyumba, ndipo madzulo pophika ndiwo sindidzathira mchere, pakuti mkazi ali kumwezi sathira mchere, ndipo ndikadzangopempha wina kuti andithirire, nkhani yatha.

Ndinadzikonza ndi tinsalu, ndinatuluka. Amuna anga anali atapita kale kuntchito. Ndisanaganize chochita ndinamva mawu a amama aja panja.

"Odi kuno! Watulo ndani? Dzuwa latuluka, utale ukutidikira!"

Mvula inali itagwa usiku wonse ndipo kunja kunacha bwino, tsiku lenileni la bowa, komanso tsiku limene njoka zimatuluka kudzaothera dzuwa. Ndinati ndinene kuti mutu ukundipweteka. Ndisanatsegule pakamwa apongozi anatuluka kuchipinda atamanga kale mpango, kadengu m'manja. Anati nawonso apita, akufuna akaone ndi maso awo mmene njoka zimagonera pamaso pa mkamwana wawo, akasimbe kumudzi.

Kuseri kwa chitseko kunali majombo akale a amuna anga. Ndinalowetsa phazi limodzi. Apongozi anandiyang'ana.

"Za chiyani zimenezo? Iwe njoka zikukuopa."

Ndinavula. Mungandifunse kuti bwanji sunangonena pomwepo. Ndinkafuna tsiku limodzi lokha, limodzi, loti ndikhalebe mkamwana wogwiridwa manja awiri. Ndinadziuza kuti njoka sitikumana nazo masiku onse, tipita, tibwera, za mchere ndiziona madzulo.

Ndinathyola ndodo yaitali pa mpanda n'kutsogola. M'njira yotchinga moto ndinkamenya udzu uku ndi uku ndisanaponde, pang'onopang'ono, ngati wakhungu. Amama aja anakuwa kumbuyo kuti, "Iwe, ukupuntha mawere kapena ukuyenda? Tifika mawa!" Onse gwegwede kuseka. Mnansi wanga uja anali pamalo pake, mpweya wake ndikuumva pakhosi panga, akuimbira khanda lake kanyimbo. Apongozi anali achitatu pamzere.

M'chigwa muja munali mdima ndi fungo la masamba oola. Muzu uliwonse wopingasa njira unali njoka m'maso mwanga. Mbalame ina inauluka phururu pafupi ndi phazi langa, ndinakuwa, amayi aja n'kumati mwana wa m'mimbayu adzakhala wamantha ngati make. Pa chipika cha pamtsinje ndinaoloka chokwawa. Thukuta linali thapsa kumsana ngakhale kunkazizira, m'chiuno mukupota, ndipo ndinkaopanso kuti mwina chitenje chathimbirira kumbuyo, onse akuona. Ndinkapemphera chamumtima, pemphero lopanda mutu, lakuti Ambuye zigonekeni nokha lero, ine ndilibe chozigonekera.

Tinakwera kutsidya, tinalowa m'masuku. Mtima unayamba kutsika pang'ono poona kuti tatsala pang'ono kufika. Patsogolo panali chulu chachikulu chimene tinkazulapo utale, kanjira kankadutsa m'mbali mwake penipeni, dzuwa likuomba pamenepo.

Ndinaiona isanandione. Inali itatambalala kuchokera pachulu mpaka kutsidya kwa njira, yaitali moti mchira sindinauone, yotuwa ngati phulusa, yosalala. Sinali mphiri. Amuna ocheka matabwa ankaitchula motsitsa mawu njoka imeneyi, mamba, ankati ikakuluma usavutike n'kuthamangira kuchipatala, ungokhala pansi pamthunzi. Ndodo yanga inali itagunda kale udzu. Inatembenuka, n'kudzuka. Inadzuka ndithu, mutu kufika pachifuwa panga, khosi litafufuma pang'ono, n'kutsegula kukamwa. M'kamwa mwake munali bii.

Ndinaima. Kumbuyo nyimbo inaleka. Kenako ndinamva mnansi wanga akunena, mawu ake osatekeseka n'komwe, "Musaope amayi, igona pompano. Taimani ndione mmene imagonera."

Ndipo anayamba kundipanikiza kuti adutse m'mbali mwanga, khosi atalitalikitsa, kamutu ka khanda kali lendelende paphewa pake, mbali yomweyo ya njoka. Amama aja nawonso ndinawamva akusendera, akuti apatseni malo apongozi aone. Njoka ija inkagwedezeka uku ndi uku, ikutsata aliyense wosuntha. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi mantha, kupatula ine.

Ndinatambasula dzanja n'kumutchinga pachifuwa mnansi wangayo. Mawu anatuluka okha, aang'ono, osakhala ngati anga.

"Bwerera. Ndilibe kanthu ine."

"Mwati bwanji, asisi?"

"Ndilibe mimba! Ndili kumwezi! Bwererani nonse, ikulumani!"

Kenako madengu anagwa, mapazi anamveka didididi kutsetsereka, khanda linayamba kulira chakutali. Ine kuthawa sindikanatha, ndinali pafupi kwambiri, ndipo ndinkadziwa kuti ndikangotembenuka yandipeza. Ndinangoima, ndodo ili m'manja, maso ndatsitsa kuti ndisaone m'kamwa muja. Ndinadzikodzera, ndisakunamizeni. Sindidziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Ndinangomva udzu kuchita fwaa, ndipo nditakweza maso ndinaona mchira ukumalizika kulowa m'dzenje la pachulu.

Ndinakhala pansi m'njira momwemo. Nditacheuka ndinapeza kuti si onse anathawa. Apongozi anali chiimire pamene anaima paja, kadengu kali m'manja. Kaya ndi ukalamba unawaletsa kuthamanga, kaya sanafune kundisiya, sindinawafunse. Anandiyang'ana kumaso, anayang'ana pamimba, anayang'ana chitenje changa chonyowa.

"Kuyambira liti?"

"Lero m'mawa, amama."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinkayembekeza kuti akalipa, anditcha wabodza, ndipo ndinali nditakonzeka kuwayankha, ulemu kapena ayi, kuti amene ananama ndi njoka yawoyo, osati ine. Koma anangowerama, n'kundidzutsa ndi dzanja lawo louma lija, n'kunditenga ndodo. Anavula chitenje chawo chapamwamba n'kundimanga m'chiuno kuti ndibise manyazi.

"Yenda pakati, mkamwana," anatero. "Nditsogola ndine."

Anzathu tinawapeza pamtsinje atadzikundikira pamodzi. Mnansi wanga anali atamasula khanda lake n'kulikumbatira pachifuwa, akulipsompsona pamutu, ndipo nditafika anandiyang'ana kamodzi n'kuyang'ana kumbali, misozi ili mbwembwembwe. Amama aja, amene pakamwa pawo sipankatsekeka, anangoti, "Tiyeni kunyumba." Bowa sitinazule ndi mmodzi yemwe. Pobwerera aliyense maso anali pansi, kuyang'ana pamene akuponda, ndipo ulendo wonse ndinkangomva kulira kwa ndodo ya apongozi ikumenya udzu patsogolo. Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Chifundo chawocho ndi chimene chinandiuza kuti nkhani yagamulidwa kale.

Loweruka amuna ankaweruka masana. Tikuyandikira nyumba ndinamva kukhoma kuseri, go, go, go. Amuna anga anasuzumira pakona, misomali ili pakamwa, utuchi uli m'tsitsi. Analavulira misomaliyo m'dzanja.

"Mwabwera msanga bwanji? Tabwera kuno udzaone, ndimafuna ndimalize usanafike."

Ndinasuzumira. Anali atatola zidutswa za matabwa a paini kumacheka, atazipala bwinobwino mpaka kuyera, ndipo anali akukhoma kabedi kakang'ono, ka miyendo inayi, kotchinga m'mbali kuti mwana asagwe. Mbali imodzi yokha ndi imene inatsala.

"Kakongola," ndinatero.

Apongozi anandigwira pamkono. "Pita ukasinthe, mkamwana. Ndilankhula naye ndine."

Ndinalowa m'khitchini n'kukhala pansi pafupi ndi mafuwa ozizira, osasintha n'komwe. Kuseri kukhoma kunayambiranso, go, go, go, munthu akuimba kamluzu. Ndinamva mapazi a apongozi akuzungulira nyumba, osafulumira. Ndinamva mawu awo apansipansi, m'Chitumbuka. Hamala inagunda kamodzi, n'kuleka.

Mvula itatha ng'ombe zinanyamuka kupita kumudzi wina cha ku Euthini, ndipo wondithandiza uja anabwera nthawi yokolola, mtsikana waulemu, wamanyazi, amene ndinayesetsa kumuda koma zinandikanika. Ku Dedza sindinabwerere. Kabedi kaja amuna anga anadzakatulutsa chaka chotsatira n'kukhoma mbali yotsala ija. Munagona ana asanu m'menemo, mmodzi pambuyo pa mnzake, ndipo onsewo ndinawasambitsa, ndinawabereka kumsana, amanditcha amama aakulu mpaka lero. Wanga munalibe.